Hamster ya bere si chidole

Makolo ena ku Ulaya amagulira ana awo hamster kapena gerbil, tinyama tonga mbewa, ngati zidole. Apa ndi pomwe amalakwitsa.

Hamster ya ku Syria imaswa pakatha masiku 16 okha, pomwe gerbil imatenga masiku 24 mpaka 26. Hamster ikatenga bere mimba imafufuma, imaunjika chakudya, imamanga chisa ndipo imalusa.

Apatu mwana aisiye. Yaimuna ichotsedwe m'khola ndipo tiana tisagwidwe kwa masabata awiri, chifukwa make akasokonezedwa amatha kutidya.

Mwana akapeza tiana tadyedwa amalira, koma mlandu ndi wa kholo lomwe silinamuphunzitse kuti choweta chimafuna chisamaliro, osati masewera.