Mwala wa 2029 usakuletseni kuwerenga

Sabata yatha mng'ono wanga ananditumizira kanema pa WhatsApp wonena kuti chimwala chochokera kumwamba chidzaphwanya dziko mu 2029. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, ndiye sukuluyi ndikuvutikiranji?" Ndinaseka, koma mantha ake anali enieni.

Mwalawo ulipodi. Dzina lake ndi Apophis, unapezeka mu 2004, ndipo kukula kwake ndi mamita pafupifupi 340. Nanga akatswiri amadziwa bwanji njira yake?

Amachita ngati mleme. Ku Goldstone, m'chipululu cha ku California, kuli dishi ya mamita 70 yomwe imaponya mafunde a wailesi pamwala n'kudikira kuti abwerere. Nthawi imene mafundewo atenga imasonyeza mtunda, pomwe kusintha kwawo kumasonyeza liwiro la mwalawo ndi mmene ukuzungulirira. Potero amajambula maonekedwe a chinthu chomwe pa telesikopu chimangooneka ngati kadontho.

Mu Malichi 2021 radar imeneyi inapima Apophis, ndipo NASA inalengeza kuti sudzatiwomba kwa zaka zosachepera 100. Pa 13 Epulo 2029 udzadutsa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera padziko, pafupi kuposa masetilaiti otibweretsera TV. Kuno ku Africa tidzauona ndi maso, mitambo ikadzalola.

Chondidandaulitsa n'chakuti dishi ya Arecibo ku Puerto Rico, yomwe inali yamphamvu koposa pa ntchitoyi, inagwa mu Disembala 2020. Alonda athu achepa.

Mng'ono wanga ndamuuza kuti atsegule makope basi. Mayeso adzafika mwalawo usanadutse.