Nkhanga zinapangana kusanapse

Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse, chifukwa moto ukabuka sipakhalanso nthawi yofunsana kothawira. N'chifukwa chake ndikuti ana a kusekondale aziphunzira za kupululutsidwa kwa Atutsi ku Rwanda, ndipo phunzirolo liziyambira patali, osati pa 7 Epulo 1994 pomwe zikwanje zinatuluka m'nyumba.

Mphunzitsi akangoti anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, ana amagwira pakamwa, n'kuloweza nambalayo kuti akakhoze mayeso, basi. Chomwe ayenera kumva ndi momwe zinthu zinafikira pamenepo.

M'zaka za m'ma 1930, atsamunda a ku Belgium anayamba kulemba mtundu wa munthu pachiphaso chake: Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa. Mu 1994 chiphaso chomwecho ndicho chinkaweruza munthu pamisewu yomwe zigawenga za Chihutu zotchedwa Interahamwe zinatchinga. Mu Disembala 1990 nyuzipepala ya Kangura inasindikiza malamulo khumi a Ahutu, ndipo limodzi linkati Mhutu aleke kumvera Mtutsi chisoni. Wailesi ya RTLM, yomwe achinyamata ankaikonda chifukwa cha nyimbo zake, inkatcha Atutsi mphemvu. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chomwe opulumuka ambiri amasimba, kuti aphunzitsi ena ankaimiritsa ana a Chitutsi m'kalasi kuti awawerenge, anzawo akuyang'anitsitsa. Mwana amene waonerera zotere chaka ndi chaka amakula akudziwa kale woti adzamuloze chala.

Koma m'kalasi momwemo munachitikanso china. Usiku wa pa 18 Malichi 1997, zigawenga zinalowa pasukulu ya sekondale ya Nyange, kumadzulo kwa dzikolo, n'kulamula ophunzira kuti Ahutu aime kwaokha, Atutsi kwaokha. Anawo anakana, nati onse ndi Anyarwanda. Zigawengazo zinaombera ndi kuponya mabomba, ndipo ena mwa anawo anafa. Lero dziko la Rwanda limawawerengera m'gulu la ngwazi zake. Analibe mfuti kapena udindo uliwonse. Anali msinkhu wa ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4.

Ena amati nkhani zotere n'zoopsa kwa ana, komanso n'za kutali. Kutali kuti? Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo ena mwa okhalamo anathawa ku Rwanda komweko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nthawi ya chisankho timamva ndi makutu athu anthu akunyozana za mitundu ndi zigawo, pamisonkhano ndi pa WhatsApp.

Tsono mphunzitsi akamaliza kusimba za Nyange asathamangire kulembetsa manotsi. Afunse kalasi kuti ndani anamvapo mtundu wa mnzake ukunyozedwa m'minibasi kapena pagulu la WhatsApp, ndipo iye anatani: anaseka nawo, anatumiza uthengawo kwa ena, anangoti zii, kapena anadzudzula? Awapatse nthawi yokwanira yoyankha, ngakhale belu lilire.