Kodi ufulu ukuwononga ana, kapena sukuphunzitsidwa bwino?

M'misika ndi m'matchalitchi a pa Thuchila m'boma la Mulanje, ngati m'madera ena ambiri a dziko lino, dandaulo la makolo ndi limodzi: ana a masiku ano samva, ndipo chawasokoneza ndi ufulu. Mwana ukamudzudzula akuti ukumuphwanyira ufulu, ukamutuma akuti ndi nkhanza. Makolo ena afika poganiza kuti aphunzitsi angosiya kutchula nkhaniyi m'kalasi.

Koma ufulu wa mwana si maganizo a mphunzitsi ayi. Malawi adavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana m'chaka cha 1991. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 ali ndi ndime 23 yonena za ana komanso ndime 25 yonena za ufulu wa maphunziro. M'chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulaimale, ndipo ana adakhamukira kusukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 2010 kudabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana, mu 2013 lamulo la maphunziro lidati mwana aliyense ayenera kupita kupulaimale, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe kapena kukwatira.

Tsono funso si lakuti ana aphunzire za ufulu kapena ayi. Funso ndi lakuti aphunzire motani.

Vuto lalikulu lagona pa kuloweza. M'kalasi la ana oposa 100, mphunzitsi amalemba mndandanda wa maufulu pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza kuti akakhoze mayeso. Mwana wotere amatuluka akudziwa mawu akuti "ufulu wanga" okha basi, osadziwa kuti mnzake wakhala naye pafupi alinso ndi ufulu womwewo. Akafika kunyumba, mawuwo amasanduka chida chokanira ntchito.

Chonsecho silabasi ya kupulaimale yomwe idayamba mu 2007, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, imafuna kuti mwana aziphunzira pochita, makamaka m'phunziro la luso la moyo ndi la chikhalidwe cha anthu. Njira zake sizilira ndalama.

Yoyamba ndi malamulo a m'kalasi. M'malo mowalemba yekha, mphunzitsi amafunsa ana kuti atchule zomwe safuna kuchitiridwa: kusekedwa akalakwitsa yankho, kulandidwa chakudya, kumenyedwa ndi akuluakulu a m'kalasi. Pa chilichonse, ana amagwirizana chomwe iwo eni ayenera kuchita. Amene akufuna kumvedwa akamayankhula, ayenera kukhala chete ena akamayankhula. Apa mwana amaona yekha kuti ufulu ndi udindo zimayendera limodzi. Ngakhale pangano la maiko a mu Africa lokhudza ana la mu 1990, mu ndime 31, limanena kuti mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akuluakulu komanso kuthandiza banja lake. Ndime imeneyi makolo ambiri sadaimvepo.

Yachiwiri ndi chisankho cha mtsogoleri wa kalasi. Ana akavota okha, n'kuwerenga mavoti poyera, wogonja n'kugwira chanza wopambana, aphunzira za demokalase kuposa zomwe akadaloweza teremu yonse.

Yachitatu ndi masewero. Ana a pa Thuchila sasowa nkhani zoti asewere. Mmodzi akhale mtsikana wa Sitandade 7 yemwe akukakamizidwa banja, wina mnyamata yemwe amajomba tsiku la msika kuti akagulitse nandolo, wina mayi wosauka yemwe alibe pogwira. Sewero likatha, kalasi ikambirane: kodi kutunga madzi ndi kutsuka mbale kunyumba ndi nkhanza? Ayi, ndi udindo. Nanga kusiya sukulu kukagwira ganyu? Apa ndiye pali vuto, ndipo lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Mwana yemwe watha kusiyanitsa ziwirizi sakana kutumidwa, koma amadziwanso pamene akulakwiridwa. Amadziwa kuti atha kuuza mphunzitsi wamkulu, amayi a gulu loona za atsikana pasukulu, kapena kuimba nambala yaulere ya 116.

Komabe phunziroli limafera panjira ngati sukulu yomweyo ikuchita zosemphana nalo. Mphunzitsi sangaphunzitse za ulemu wa munthu m'mawa, masana n'kuthyola chikwapu kapena kutuma ana kukalima m'munda mwake. Mtsikana yemwe wabwerera kusukulu atabereka, monga ikulolera ndondomeko yomwe boma lidakhazikitsa mu 1993, akamanyozedwa pamzere, ana onse amaphunzira kuti za pabolodi zija n'zongonena. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba lidagamula kuti ana achirasta asamabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, umboni wakuti nthawi zina sukulu nayo imafunika kukumbutsidwa.

Palinso zomwe mphunzitsi sangazikwanitse yekha. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje mu March 2023, sukulu zidatsekedwa ndipo zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ufulu wa maphunziro umafuna makalasi olimba, mabuku ndi zimbudzi, ndipo uwu ndi udindo wa boma.

Kwa makolo, khomo ndi lotsekula. Komiti ya sukulu ndi misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi ndi malo ofunsira zomwe ana akuphunzira, ngakhale kupempha kuti masewero aja aonetsedwe pamaso pa mafumu ndi makolo tsiku lotsekera sukulu. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana yemwe waphunzira ali wamng'ono kuti ufulu wake umathera pomwe payambira wa mnzake, ndi yemwe adzalemekeze mkazi wake, wantchito wake ngakhalenso makolo ake akadzakalamba.