Njinga pa aisi: gulani tayala la misomali, luso la kumudzi lisakunamizeni



Mwezi wa Januwale ndinalandira uthenga kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physical Science zaka zapitazo. Dzina sinditchula, mwini wake adzizindikira. Panopa ali ku Scotland komwe akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo amapita kuntchito pa njinga m'mamawa kunja kukadali mdima. Ananditumizira chithunzi cha mkono wake uli m'chikhakha. Mawu ake anali ochepa: "Aphunzitsi, ndagwa. Msewu umaoneka ngati wangonyowa chabe, koma nditangoti ndikhote njinga inandithawa." Anathyoka pamfundo ya dzanja, ndipo anakhala masabata 6 osagwira ntchito. Kuno kumudzi kuli mlongo wake amene fizi yake imachokera m'dzanja lomwelo.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi chakuti mnzake wa kuntchito anali atamuuza kale mu Novembala kuti agule matayala a misomali. Iye anakana, amvekere ine ndinakulira pa njinga, ndanyamulapo matumba a chimanga pa matope a makande osagwa. Ndiye lero ndikufuna ndinene maganizo anga poyera. Aliyense wokwera njinga kudziko kumene misewu imaundana agule tayala la misomali, ngakhale limodzi lokha la kutsogolo. Ngati ndalama palibe, tsiku la aisi njinga aisiye kunyumba.

Tiyambe ndi za m'kalasi. Njinga imayenda, imakhota ndiponso imaima chifukwa cha kugwirana kwa mphira ndi msewu, chimene timachitcha friction. Nambala zimene timagwiritsa ntchito powerengera ndi pafupifupi 0.7 pa tala wouma, koma pa aisi zimatsika kufika cha m'ma 0.1. Tengani cholembera muwerengere nokha. Munthu amene akuthamanga makilomita 20 pa ola, akagwira mabuleki pa tala wouma matayala angathe kumuimitsa pa mamita awiri ndi pang'ono. Pa aisi akufunika pafupifupi mamita 16. Pokhota ndiye pali nkhani yaikulu, chifukwa njinga imakhota mopendekeka. Pa tala wouma ingapendekeke mpaka madigiri 35 isanaterereke, pomwe pa aisi malire ake ndi madigiri 6 okha. Madigiri 6 munthu amawapitirira asanazindikire n'komwe kuti wayamba kukhota.

Apa ndi pamene luso la kumudzi limathera. Pa matope tayala limalowa pansi n'kupeza pogwira, kutererekako kumayamba pang'onopang'ono, ndipo ukaona kuti zavuta umaponda phazi pansi. Pa aisi tayala lilibe polowa, chenjezo palibe, ndipo phazi ukaliponda nalo limaterereka. Choopsa kwambiri ndi aisi wopyapyala amene sakhala woyera, amene kumeneko amamutcha black ice. Pansi pake tala amaonekera bwinobwino, ndiye diso limakuuza kuti ndi msewu wonyowa. Ndi amene anagwetsa mnyamata wathuyu.

Njira zimene anthu amayesa zilipo zingapo. Yoyamba ndi kuphwetsako mpweya pang'ono kuti tayala ligunde pansi ndi malo aakulu. Iyi ndi yaulere ndipo imathandiza pa chipale chofewa, chija choyera chimene chimagwa ngati ufa. Yachiwiri ndi matayala a mano akuluakulu ngati a njinga za m'mapiri, kapena matayala a mphira wofewa amene sauma gwa kukazizira, monga Top Contact Winter a kampani ya Continental. Awanso ndi abwino pa chipale ndi pamsewu wonyowa wozizira. Palinso njinga za matayala onenepa kwambiri, otambalala pafupifupi masentimita 10, zimene zinayamba kufala pamene kampani ya Surly inatulutsa njinga yotchedwa Pugsley mu 2005. Zimenezi zimayandama pamwamba pa chipale chakuya m'malo motitimira. Koma zonsezi ndi mphira basi, ndipo mphira sungalume aisi. Tayala lonenepa lopanda misomali limaterereka pa aisi ngati lina lililonse.

Ena pofuna kupulumutsa ndalama amamanga timalamba ta pulasitiki kuzungulira tayala ndi limu. Nzeruyi imaoneka yokongola pa chithunzi, koma pulasitiki sangaboole aisi, timalambato timaduka tikazizidwa, ndipo ngati mabuleki a njinga yako ndi ogwira pa limu ndiye kuti gudumu silizungulira n'komwe. Chubu chikaphulika uyenera kudula tonse. Ena amaboola tayala lakale n'kulowetsamo masikuluwu kuchokera mkati. Awa amalumadi aisi masiku oyamba, koma chitsulo chake chimatha msanga pa tala ndipo mitu yake imakonda kudya chubu. Ife Amalawi kukonza zinthu ndi manja athu timatha, ndipo ine ndimanyadira zimenezo. Koma kuphulikitsa chubu 6 koloko m'mawa, kunja kuli mdima, zala zitauma ndi chisanu, si malo oyeserapo luso.

Chotsala ndi tayala la misomali lopangidwa kufakitale. Timisomali take ndi tatifupi kwambiri, nsonga zake ndi za chitsulo cholimba chotchedwa tungsten carbide chimene sichitha msanga ngakhale uziyenda pa tala. Timeneti timakanda aisi n'kupeza pogwira. Kampani ya ku Germany ya Schwalbe imapanga Marathon Winter Plus amene ena mwa iwo ali ndi misomali 240, ndipo ku Finland kunachokera tayala lotchuka la W106 la misomali 106. Schwalbe imalangiza kuti tayala latsopano uyambe waliyendetsa makilomita 40 pa tala mosathamanga ndi mosagwira mabuleki mwadzidzidzi, kuti misomali ikhazikike m'malo mwake. Tsiku la aisi umaphwetsako mpweya kuti misomali yambiri igunde pansi, tsiku louma umapopa kwambiri kuti njinga ipepuke.

Sindikubisirani kuipa kwake. Matayalawa ndi olemera, kupalasa kumawawa kuposa masiku onse, ndipo pa tala amasokosera ngati chimanga chokazinga chikuthetheka m'phale. Mtengo wake nawo si wamasewera, limodzi ndi mapaundi makumi angapo, ndipo wathu akasintha ndalamayo m'makwacha mumtima amaona matumba a feteleza. Komabe tayalalo limagwira ntchito miyezi yozizira yokha ndipo limatha zaka zingapo. Yerekezani ndi malipiro a masabata 6 amene mnyamata uja anataya.

Ngati thumba lalola limodzi lokha, liikeni kutsogolo. Gudumu la kumbuyo likaterereka njinga imagwedeza mchira ndipo nthawi zambiri umatha kuiwongola. La kutsogolo likathawa palibe chowongola, umangozindikira uli pansi. Awiri onse ndiye bwino koposa, makamaka kwa okwera zitunda, chifukwa gudumu la kumbuyo lopanda misomali limangozungulira pamodzimodzi.

Mnzanga wina mu sitafu anandiuza kuti ndikukokomeza, ndipo anandipatsa chitsanzo chabwino. Ku Oulu, mzinda wa kumpoto kwa Finland kumene kunachitikira msonkhano woyamba wa Winter Cycling Congress mu 2013, anthu ambiri amapalasa njinga chaka chonse ndipo ambiri saika misomali. Mu 2019 kunafala chithunzi cha sukulu ya Metsokangas mumzindamo, kumene ana pafupifupi 1,000 mwa 1,200 ankabwera pa njinga pakati pa nyengo yozizira. Zonsezi ndi zoona. Koma taonani chifukwa chake. Ku Oulu kumazizira kwambiri kwa masabata ambiri osasungunuka, ndipo mzinda umasamalira njira za njinga, kuzipala m'mamawa n'kusiya chipale chotsendereka bwino. Chipale chotsendereka chozizira kwambiri chimagwira tayala pafupifupi ngati msewu wa dothi. Ku Britain zinthu ndi zina. Kuzizira kwake kumangozungulira pa madigiri 0, masana kusungunuka, usiku kuundananso, ndipo aisi amaterera kwambiri akakhala pafupi kusungunuka. Magalimoto othira mchere amayamba ndi misewu ikuluikulu, pomwe wa njinga amakonda timisewu ta m'mbali. Choncho dziko lozizira pang'ono lingakhale loopsa kwa wa njinga kuposa lozizira kwambiri. Chitsanzo cha Oulu chikutiphunzitsa kuti akuluakulu a mizinda asamalire njira, koma munthu amene mawa m'mawa ali pa shifiti sangadikire zimenezo.

Anzanga aphunzitsi, nanenso nkhaniyi yandigwira pakhosi. Mnyamata ameneyu friction anaikhoza pa mayeso a MSCE. Ndinamuphunzitsa ndi kathabwa kokoka patebulo, iye n'kuloweza fomula, koma sindinamufunsepo kuti njinga imene wabwera nayo kusukulu imakhota bwanji osagwa. Temu ino funso la mamita 16 lija ndalipereka ku Fomu 3, ndipo kwa nthawi yoyamba anyamata a kumbuyo ndi amene anatsogolera mkangano.

Kwa inu ana anga amene muli ku Britain, Ireland, Canada ndi kwina kozizira, mukafika kumeneko funsani eni dera, paja safunsa anadya phula. Musanatuluke m'mawa onani za nyengo, ndipo ngati usiku kunazizira kufika pa 0 pamsewu ponyowa, muziyesa kuti pali aisi ngakhale simukumuona. Tsitsaniko chishalo kuti mapazi azifika pansi, buleki ya kutsogolo muziigwira mofatsa, ndipo pokhota muzichepetsa liwiro musanafike pakona.

Mnyamata uja ndinamuyankha kuti, "Iwe, chikhakha chikachoka, ndalama yoyamba usatumize kuno. Gula kaye tayala." Anaseka, koma wandilonjeza kuti atumiza chithunzi chake akagula. Ndikudikira.