Mukafuna kugula wailesi ya m'galimoto

Mwezi uno ndafuna kuti ticezeko za kanthu kamene ena adzati n'kacabe, ndiko wailesi ya m'galimoto. Ndidziwa kuti si banja lililonse lili ndi galimoto, koma kuno ku Rufunsa masiku ano n'kovuta kupeza mudzi wa m'mbali mwa mseu wa Great East umene mulibe ka Corolla, ka Noah, kapena Canter yonyamula cimanga ndi makala. Galimoto imodziyo ndiyo itumikira mudzi wonse. Ndiyo ya pamaliro, ndiyo ya paukwati, ndiyonso yothamangira kucipatala pakati pa usiku. Motero cimene mwini wake alumikiza ku batire ya galimotoyo citikhudza ife tonse.

Caka catha muphwa wanga, atagulitsa cimanga ndi soya, anapita ku Lusaka ndi kubwerako ndi wailesi yatsopano ya galasi lalikulu ngati kanema, yoyaka mitundumitundu. Mnyamata wina wa pamseu anamuikira m'galimoto pa theka la ola lokha. Anafika pakhomo panga fumbi lili koboo, nyimbo zikugunda mpaka nkhuku kubalalika. Iye anati, "Amalume, tamverani mmene ikulirira!" Ine ndinamvera, ndipo ndinayamikira, pakuti inali kuliradi.

Patapita masiku anai galimotoyo itangoima pabwalo, mai wina woyandikana nafe anayamba kumva zowawa za pakati usiku. Muphwa wanga analowa m'galimoto, napotoza kiyi, koma injini inangoti kakaka, basi. Batire inali itatheratu. Anyamata anati tiikankhe, koma galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha. Tinataya maola awiri tikuyenda ndi tochi m'midzi kufunafuna batire yobwereka. Mai uja anafika kucipatala ndipo mwana anabadwa bwino, koma aliyense amene anaima pabwalo paja usiku umenewo adziwa kuti zikadatha kutha mwina.

Kutaca makanika anasolola wailesi ija natisonyeza cimene cinalakwika. Kumbuyo kwa mawailesi ogula m'sitolo kumakhala nthambo za mitundu yosiyana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nchito yake. Yakuda ipita ku citsulo ca galimoto. Yacikasu itenga moto ku batire nthawi zonse, pang'ono cabe, kuti wailesi isaiwale nthawi ndi masiteshoni amene munasunga. Yofiira iyenera kulandira moto pokhapo pamene mwapotoza kiyi, ndipo ndiyo iuza wailesi kuti idzuke kapena igone. Mnyamata uja, pofuna kufulumira, anapotera yofiira ndi yacikasu pamodzi, nazilumikiza ku nthambo ya moto wosazima, nakulunga ndi kapepala ka pulasitiki. Wailesi siinagone konse. Usana ndi usiku inali kumwa batire mwakacetecete monga nkhupakupa pa ng'ombe. Fyuzi nayo, imene ndiyo iteteza galimoto kuti isapse nthambo zikakhudzana, anaidula ndi kuitaya.

Cifukwa cake ndikuti, musanafunse mtengo wa wailesi, yambani mwafunsa amene adzaiika. Wodziwa nchito sadula nthambo za galimoto. Amagula kacingwe kolumikizira kamene mbali imodzi kalowa m'pulagi ya galimoto yanu, mbali ina m'wailesi, ndipo ka Toyota n'kosiyana ndi ka Nissan. Akatha, zimitsani injini, solani kiyi, muone ngati wailesi yazima yokha. Ikapanda kuzima musamulipire. Inu a magalimoto akulu cenjeraninso apa: mawailesi a m'sitolo ndi a mavoti 12, pamene maCanter ambiri ndi malole ali ndi mabatire awiri opereka mavoti 24. Mukailumikiza popanda kacipangizo kotsitsa moto, mudzangomva fungo la kupsa.

Nanga n'cifukwa ciani anthu amacotsa wailesi imene inabwera ndi galimoto? Ambiri amati njakufa, koma kawirikawiri ili moyo ndithu. Magalimoto athu oculuka ndi ogwirapo kale nchito ku Japan, olowera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Ku Japan mawailesi a FM a magalimoto akale amayambira pa 76 kulekezera pa 90, ndipo a zaka zaposacedwa amafika pa 95. Kuno kwathu masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108. Mukuona tsono kuti wailesi ya Cijapani imangogwira kamphepete kokha. Zonse za pamwamba siizimva, cinkana mutaima pansi penipeni pa mlongoti wa ZNBC. Zina mwa izo, zija za mapu, zimalemba Cijapani cokhacokha, ndipo mukangocotsa batire zimafuna khadi lake la mapu limene nthawi zambiri linatsala kutsidya kwa nyanja.

Pali njira yochipa, ndipo ndiichule cifukwa ogulitsa sakonda kuichula. Kuli kabokosi kakang'ono kamene amakaika pakati pa eriyo ndi wailesi, kamene kamatsitsa manambala a masiteshoni athu kuti alowe m'malire a Cijapani. Nambala yooneka pa wailesi siigwirizana ndi yeniyeni, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amagwera pamalo amodzi, koma kwa munthu amene angofuna nkhani za m'Cinyanja ndi mauthenga a maliro, kangathe kukwanira. Ngati mwasankha kugula yatsopano, pemphani wogulitsa aiyatse pamaso panu ndipo muzungulitse manambala nokha mpaka pa 108.

Komabe wailesi yabwino payokha siikwana m'dziko la mapiri ngati lathu lino. Mafunde a FM amayenda molunjika monga kuwala kwa tochi, ndipo phiri likaima pakati amaduka. Amene amayenda mseu uno adziwa: pocoka mu Lusaka zonse zimveka bwino, pa Chongwe zikali bwino, mukapitirira Chinyunyu zina ziyamba kusowa, ndipo m'zigwa za ku Mpanshya ndi ku Shikabeta mumapeza zocepa, zina mwa izo zili phokoso lokhalokha. Pamenepa cimene cithandiza ndi eriyo. Magalimoto ambiri a ku Japan eriyo yake ndi timizere tosindikizidwa pa galasi, ndipo ili ndi kokuzira mafunde kamene kamadya moto kupyolera mu nthambo ya buluu ya kumbuyo kwa wailesi. Woika akaiwala nthambo imeneyo, m'tauni simudzazindikira kanthu cifukwa milongoti ili pafupi. Mudzazindikira mutafika kuno, makilomita oposa 150 kucokera kwa iye. Ngati eriyo yanu ndi ya kandodo ndipo inathyoka m'thengo, gulani imeneyo coyamba; mwina wailesi yakale mudzaikhululukira.

Pajatu atate anga ankasimba za wailesi ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko lino mu 1949, yooneka ngati poto wa buluu, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kumvera Lusaka. Iwo ankati amene anali kumva bwino ndi uja anakweza waya wake pamtengo wautali. Zaka zapita, koma nkhani ya eriyo siinasinthe.

Tsono za manambala a pabokosi. Mudzawerenga kuti 4 x 50 W, ena 4 x 60, ndipo achinyamata amayesana ndi manambala amenewa monga alimi ayesana ndi matumba. Nambala imeneyo ndi mphamvu imene wailesi ingafike pa kamphindi kamodzi mau atayamba kale kusweka. Mphamvu yoona, yopitirira, imalembedwa ndi zilembo RMS, ndipo pa mawailesi a makampani odziwika monga Pioneer, Sony, Kenwood ndi JVC imakhala pafupifupi mawati 20 pa sipika iliyonse. Imeneyo njokwanira galimoto ya banja. Bokosi limene lilonjeza mazanamazana koma osachula RMS, kumbukirani mau a makolo aja akuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngati mau a m'galimoto yanu amanjenjemera, kawirikawiri olakwa ndi masipika a m'zitseko, amene pepala lake linang'ambika ndi dzuwa ndi zaka. Wailesi yatsopano pa masipika ong'ambika idzangokuza kung'ambikako.

Maina a makampani aja ndi omwenso akuba amakonda kusindikiza pa katundu wabodza. Yeniyeni imakhala yolemerako m'manja, kumbuyo ili ndi citsulo cocotsa kutentha, nambala ya pa wailesi ifanana ndi ya pabokosi, ndipo m'kati muli kabuku ndi pepala la citsimikizo. Pemphani lisiti lolembedwa dzina la sitolo. Amene akana kulemba lisiti wakuuzani kale zonse.

Kukula kwake n'kosavuta. Bowo la wailesi limakhala la mamilimita 180 m'lifupi, ndi 50 kapena 100 m'mwamba. MaToyota ambiri lao ndi la 200 m'lifupi, ndipo pafunika timapulasitiki totseka m'mbali. Yezani musanakwere basi.

Za maCD ndingoti ziiwaleni. Fumbi la miseu yathu ya m'midzi limapha diso lake m'nyengo imodzi ya cilimwe, ndipo pa mabampu nyimbo imadumpha. Wailesi yopanda CD, yolandira fulashi ndi memori khadi, ilibe cozungulira m'kati, motero imapirira. Bluetooth ndiyo ndiivomereza ndi mtima wonse, pakuti lamulo la pamseu liletsa kugwira lamya m'manja uku mukuyendetsa, ndipo ndi iyo mungayankhe manja onse ali pa ciongolero.

Cimene sindivomereza ndi galasi lija la kanema. Opanga anaikamo nthambo yolumikiza ku handibuleki kuti zithunzi zisaoneke galimoto ikuyenda, koma oika ambiri amaigwiriza ku citsulo kuti mafilimu aonekere nthawi zonse, ndipo amati akukomerani mtima. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imapita mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana pagalasi masekondi atatu, mwayenda mamita oposa 60 osaona mseu. Lingalirani zimenezo pa makhota a Manenekela, potsikira ku mlatho wa Luangwa, pamene malole ocokera ku Chipata ndi ku Malawi amakutulukirani mwadzidzidzi, phompho lili mbali inayo. Wailesi ya kabatani kozungulitsa mungaicepetse ndi dzanja maso ali kutsogolo. Ya galasi ifuna kuti muiyang'ane. Phokoso nalonso likapyola muyeso simumva hutala ya basi imene ikukupitirirani, simumva belu la njinga ya makala, ngakhale gudumu limene layamba kugogoda.

Muphwa wanga wailesi ya galasi ija anaigulitsa motaya kwa mnyamata wa minibasi, atamuuza zoona zake za nthambo. Anagula yaing'ono ya kabatani, naipereka kwa makanika wa magetsi amene anatha nayo tsiku lathunthu, nabwezera fyuzi ndi kulumikiza nthambo ya buluu. Ndalama zotsala zinapita ku batire yatsopano, pakuti yakale ija, itaphwa kotheratu, siinasungenso moto bwino. Sabata latha anandinyamula kupita ku boma, ndipo tinamva nkhani za masana mpaka pa cigwa cina pamene zinaduka, n'kubweranso titakwera mtunda.