Mphira ya Boti Isamwe Oyilo

Anzathu a m'koperativa, boti lathu ndi khasu la panyanja. Limatenga chinangwa, chimanga ndi usipa kupita nazo kumsika. Limatenga odwala kuchokera ku Cóbuè kupita ku Metangula. Boti likafa, zokolola zimawolera pagombe.

M'mbali mwa boti muli mphira. Maboti ena amangirira matayala akale. Ntchito ya mphira ndi kulandira nkhonya. Boti likagunda mwala, doko kapena boti linzake, mphira ndiyo imapweteka, thabwa limapulumuka. Pa nyanja ya Niassa mphepo ya mwera imawomba mwamphamvu mu June, July ndi August. Nthawi imeneyo boti lopanda mphira yabwino limasweka msanga.

Mphira imada ndi magazi a nsomba, mamba, ndere ndi dizilo. Dzuwa nalonso limaiwumitsa. Imayamba kutuwa, kenaka imachita ming'alu.

Ena amati: "Tipake oyilo wakale wa mu injini, iwale." Ena amapukuta ndi petulo kapena palafini. Ife tikuti iyayi! Inde, imawala tsiku limodzi. Koma mphira imamwa mafuta amenewa. Ikamwa imafufuma, imafewa, imamata m'manja, mapeto ake imanyotsoka. Oyilo wotsala amagwera m'madzi momwe ana athu amamwa ndi momwe nsomba zimaswana. Kuwala kwa tsiku limodzi tikulipira ndi mphira yonse.

Njira yabwino ndi yotsika mtengo.

1. Tsukani ndi madzi ambiri boti likangofika, magazi asanaume.
2. Pakani sopo wochapira. Tsukani ndi burashi kapena chiguduli.
3. Musapale ndi mpeni kapena mchenga. Zipsera zimasunga litsiro.
4. Tsukuluzani, musiye iume.
5. Dizilo akatayikira, pukutani nthawi yomweyo.
6. Kokerani boti pamthunzi, kapena mangani chisakasa cha udzu.

Banga lina silichoka. Lisiyeni. Banga silimiza boti, mng'alu ndiwo umamiza.

Potsuka, maso akhale pa misomali. Msomali wa dzimbiri umasiya mpata. Madzi amalowa kuseri kwa mphira, thabwa n'kuyamba kuwola mosaoneka. Kusintha msomali umodzi ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Kusintha thabwa ndi masiku ambiri osapha nsomba, ndiponso ndalama za m'bokosi la tonse.

Wina anganene kuti: "Tabwera titatopa, tagona panyanja usiku wonse, titsukenso mphira?" Kutopa n'koona, sitikukana. N'chifukwa chake ntchitoyi isagwere okhaokha opita kunyanja. Otsala kumtunda alandire boti. Amayi, abambo ndi achinyamata agawane masiku. Amene amadya phindu la boti agwireko burashi.

Vuto lalikulu ndi maganizo akuti chinthu cha onse chilibe mwini. Dziko lathu la Mozambique lidalandira ufulu pa 25 June 1975. Kale maso a kapitawo ndiwo ankatiyendetsa. Tsopano boti ndi lathu, maso akhale athu. Khasu lathu timalichotsa dothi tikaweruka kumunda popanda wotiuza. Boti tilisiyirenji?

Apa ndi pomwe sukulu ya kwacha ikugwira ntchito. Taphunzira kulemba mayina ndi masiku. Tigule kope limodzi la boti. Tilembemo tsiku, dzina la wotsuka, ndi chomwe waona: mng'alu, msomali, chingwe cha tayala chomwe chatha. Pamsonkhano wa koperativa mmodzi aimirire awerenge kopelo mokweza. Zolembedwa siziiwalika, ndipo palibe angakane tsiku lake.

Tikambirane: Ndani atsuke boti sabata ino? Chisakasa timange pati? Kope asunge ndani?

Tisankhe lero, mwera usanafike.