Tisiye za newt, tiwete mbululu zathu

Pa YouTube ndi pa TikTok pali anthu amene amaweta tinyama totchedwa newt kuyambira ku mazira. Kanyamaka kamaoneka ngati buluzi, koma ndi kachibale ka chule. Kamaikira dzira limodzilimodzi n'kulikulunga m'tsamba la m'madzi. Ukaonera mavidiyowa, mtima umafuna kuitanitsa kako.

Ife tikuti ayi, anzathu. Ku Zambia kuno kulibe newt, ngakhale kwina kulikonse kum'mwera kwa Sahara, ndipo kubweretsa nyama yachilendo kuli ndi ngozi. Mu 2013 asayansi anatulukira matenda a fangasi amene anapulula masalamanda, achibale a newt, ku Netherlands. Matendawo anafika ku Europe kudzera m'malonda a tiziweto tochokera ku Asia. Mu 2016 dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya nyamazi. Fangasi wina wofanana naye wapha kale achule ambirimbiri padziko lonse.

Nanga tivutikirenji, zodabwitsa zili pakhomo? Kwathu kwa Shikabeta, m'boma la Rufunsa, mvula ikagwa mu Novembala ndi Disembala, zithaphwi za m'chigwa cha Lunsemfwa zimadzaza mazira a achule. Pali chule wina wotuwa amene amamanga chisa cha thovu loyera panthambi yolendewera pamadzi. Pakapita masiku ochepa, mbululu zimagwera zokha m'madzimo. Ngakhale m'makomboni a ku Lusaka achule amalira usiku wonse mvula ikagwa.

Kuweta mbululu sikufuna ndalama. Tengani mazira ochepa chabe, muike m'beseni pamthunzi. Madzi akhale a mvula kapena a pomwe mwatengapo mazirawo, chifukwa a pampopi ali ndi klorini. Dyetsani masamba owiritsa opanda mchere, pang'onopang'ono. Phimbani ndi kaneti kuti udzudzu usaswane, tisawete malungo. Miyendo yakumbuyo imayamba kutuluka, kenako yakutsogolo. Pamenepo ikani mwala woti tiachule tikwerepo, apo ayi timira. Mchira ukatha, bwezani pamalo pomwe munatenga, osati kwina, kuti musasamutse matenda.

Achule amadya tizilombo m'minda yathu, koma ambiri timangowaponya miyala. Mwana amene waona mbululu ikumera miyendo m'beseni la kwawo sangatayire mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda padambo mwachisawawa. Mvula ikubwerayi, tiyambe ndi beseni limodzi.